Kaputeni wa Pakhosi pa Apongozi Anga

1

"Amayi, n'chifukwa chiyani adadi amafanana ndi Kaputeni, koma agogo aamuna sankafanana naye?"

Anafunsa choncho ndi mwana wanga Tilly, akadali wamng'ono, mbatatesi yowotcha ili tho m'kamwa, tsiku lina Lamlungu tikudya kwa apongozi anga. Tonse tinaseka. Mwamuna wanga Neville anapukuta pakamwa n'kuyankha ngati ali pa guwa.

"Magazi amadumpha, mwana wanga. Amatha kugona mibadwo ingapo, kenako n'kudzuka mwa munthu woyenera."

Apongozi anga, mayi Beryl, sanaseke. Anatsamwa ndi nyama moti tinachita kuwamenya pamsana. Ine ndinaziona, koma ndinangozisunga. Ndimo mmene ndilili.

Kaputeni amene akunenedwayu sanali munthu wa miyendo iwiri. Anali kachithunzi kopenta pamanja, kosaposa mutu wa chala chachikulu, kokhala m'kafelemu kagolide komwe mayi Beryl ankavala m'khosi usana ndi usiku. Kutsogolo kunali mnyamata wa jekete lofiira ndi wigi yoyera. Kumbuyo, pansi pa galasi, kunali tsitsi lolukidwa bwino, monga ankachitira anthu akale pofuna kusunga wokondedwa wawo. Banja lonse linkati ameneyu ndi Kaputeni Josiah Ellerby, kholo lathu lomwe linamenyana ndi Afalansa zaka mazana awiri zapitazo. Malemu apongozi anga aamuna, bambo Cyril, omwe anali kalaliki padoko, ankati anam'peza m'bokosi la azakhali awo atamwalira.

Bambo Cyril anali kamunthu kofatsa, kopanda chibwano, makutu ogona ngati a mphaka wonyowa. Koma Neville wanga! Chibwano chachikulu chokhala ndi kadzenje pakati, makutu otambalala ngati zogwirira za poto. Kaputeni weniweni. Munthu wopanda chuma amanyadira nkhope, ndipo Neville anamanga moyo wake wonse pa chibwano chimenecho.

Ine dzina langa ndine Glenys. Sukulu ndinasiyira panjira, n'kuyamba kupukuta fumbi musitolo ya zinthu zakale m'tauni yathu ya m'mphepete mwa nyanja. Ndili wamkulu kale ndinayamba sukulu yamadzulo, ndipo kumeneko ndi komwe ndinaphunzira kuyeza tizithunzi totere: kudziwa kakale ndi kongokalambitsidwa dala, munthu asanataye ndalama zake. Ogula amandidziwa kuti sindiyankha tsiku lomwelo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma Kaputeni sindinam'yezepo. Sankachoka pakhosi pa mwini wake, komanso wachibale sayikidwa pa sikelo.

2

Zinthu zinasokonekera chaka chimene Tilly anapita ku koleji. Neville anasankhidwa kukhala wapampando wa kagulu ka mbiri ya tauni, ndipo sabata yomweyo anakalonjeza nyumba yosungiramo zakale kuti igule Kaputeni, aikidwe pagalasi anthu onse azimuona. Amayi ake anawauza atalonjeza kale.

Komiti ya nyumbayo ili ndi lamulo: sagula kanthu popanda wodziwa kuikirapo umboni. Anafuna kuitana katswiri wa ku London. Apo m'pamene mayi Beryl anamenya ndodo yawo pansi.

"Mlendo ayi. Ngati pali womugwira, akhale Glenys."

"Amayi, ine ndine wa m'banja," ndinatero. "Anthu adzati ndakondera."

"Iwe kukondera? Unandiuza pamaso kuti keke yanga ya Khirisimasi ndi njerwa."

"Munandifunsa."

"N'chifukwa chake ndikufuna iweyo." Anavula kaunyoloko pang'onopang'ono, n'kundifumbatitsa m'manja, koma osafulumira kundisiya. "Umuyang'ane bwino, mwana wanga. Ukatha ubwere kwa ine usanapite kwa wina aliyense."

Kunyumba ndinapeza Neville ali kuseri, akuyeserera zokalankhula tsiku logulitsa. Anaima pakapinga, dzanja pachifuwa, akuuza maluwa za magazi a Ellerby. Kenako kuseri kwa mpanda kunatuluka chipewa chaubweya ndi ndevu zotuwa zofika pachifuwa.

"Pepani a Kaputeni, Afalansa aja athawa kale. Mungandibwezereko fosholo yanga?"

Awa anali a Wilf Garbutt, aneba athu, mkulu yemwe anakalambira pa ntchito yogulitsa nsomba. Anagula nyumba yoyandikana nafe titangokwatirana kumene, ndipo kuyambira pamenepo palibe sabata inatha osakangana ndi Neville. Mpanda, mphaka, utsi wa zinyalala, chilichonse.

"Fosholo yanu ndinabweza kale, bambo Garbutt," anatero Neville. "Ndipo nthambi za mtengo wanu zalowanso kwathu."

"Zikubwera kudzamvera ulaliki."

"Munthu wa mamba a nsomba angadziwe chiyani za mbiri?"

"Palibe, bwana. Ife timangodziwa kuti nsomba ikanyezimira kwambiri uyinunkhize kaye."

Neville analowa m'nyumba akututuma. Mkuluyo anandipsinyira diso, n'kundipatsira kaphukusi ka nsomba yowamba pamwamba pa mpanda, monga ankachitira Lachisanu lililonse.

"Mum'phikire ndi mazira," anatero. "Wawonda mnyamatayo."

3

M'mawa mwake Neville atapita kuntchito ndinayala nsalu yoyera patebulo la pawindo, ndinasamba m'manja, n'kutenga galasi langa lokuzira zinthu.

Aphunzitsi athu a sukulu yamadzulo ankati: nkhope uziyiyang'ana pomaliza, chifukwa nkhope ndi imene imanyenga. Yamba ndi nyumba yake. Choncho ndinayamba ndi felemu. Golide wake anali wofewa, woperepeseka m'mbali chifukwa chogwiridwa ndi zala zambiri. Galasi linali lofufuma pang'ono, lokhala ndi timathovu ting'onoting'ono ta magalasi akale. Apa panalibe bodza. Felemuyo inali yakale ndithu. Mtima unakhala pansi, ndinakaika ketulo pamoto.

Koma felemu ndi chovala chabe, wina aliyense akhoza kuchivala. Nditabwerera ndinatembenuza kuona tsitsi lija. Tsitsi la zaka mazana awiri limazilala ngati udzu wa m'chilimwe. Ili linali lofiira psuu, ngati lametedwa dzana.

Ndinabwerera kutsogolo. Jekete linali ndi kolala ya nthawi ina, mabatani a nthawi inanso, ndipo wigi inakhala pamutu mopendekeka ngati yobwereka. Kunsi kwake kunkasuzumira tsitsi lopaka mafuta, lopesedwa ngati la anyamata a nthawi ya bambo anga. Komabe ndinati ndisafulumire. Opentanso amalakwitsa.

Ndiye ndinachita chimene sindikonda kuchita. Ndi kampeni kopyapyala ndinatsegula felemu, ndikupuma pang'onopang'ono, chifukwa utoto wa tizithunziti ndi wamadzi, mpweya wonyowa umauwononga. Tizithunzi ta nthawi ya Kaputeni ankapenta pa kachibenthu ka mnyanga wa njovu, kopalidwa mpaka kuonekera kuwala. Akuba ambiri amagwiritsa ntchito pulasitiki, yomwe ilibe mizere. Ndinakakweza padzuwa. Mizere inalipo. Mnyanga weniweni.

Kungoti unali wochindikala kuposa muyeso. Mbali ziwiri zinali zowongoka ngati zodulidwa ndi makina, ndipo kumbuyo kunali guluu wakale wouma, kusonyeza kuti kanthuka kanamatidwapo pa thabwa. Mnyanga wa msinkhu umenewo, wokhala ndi guluu kumsana, umachokera malo amodzi okha: pa makiyi oyera amene woimba amadina pa piyano zakale. Ndipo ndinkadziwa nyumba ina yomwe piyano yake ili ndi kiyi imodzi yosendeka.

Pomaliza ndinayang'ana nkhope. Wopentayo sanali katswiri, koma anaidziwa nkhope imeneyo monga munthu adziwira njira ya kwawo mumdima. Milomo inali ikulimbana ndi kuseka. Ndipo pa khutu lakumanzere, pamwamba penipeni, panali kachidule kakang'ono, ngati pena panabudulidwa. Ndinayesa kuti utoto unagwa. Ayi. Kanachita kupentedwa, mosamala, ndi mthunzi wake womwe.

4

Mayi Beryl ndinawapeza ataika kale makapu awiri patebulo. Sindinapereke moni wautali. Ndinapita pa piyano, ndinatsegula, n'kuika Kaputeni pa kiyi yosendeka ija. M'lifupi anakwana ndendende.

"Munkatiuza kuti kiyi imeneyi inasendeka ndi bomba nthawi ya nkhondo," ndinatero.

"Bomba lake ndinali ine, ndi mpeni wa batala." Anathira tiyi osagwedezeka dzanja. "Bambo anga anakwapula mchimwene wanga chifukwa cha kiyi imeneyo. Mpaka anamwalira sindinam'pepese."

"Munapenta ndinu."

"Ndili mtsikana ndinkagwira ntchito kwa wojambula zithunzi kugombe, kupaka utoto masaya a akwati pa zithunzi kuti azioneka athanzi. Burashi ndinkaidziwa. Wakupusitsa nthawi yaitali bwanji?"

"Mpaka ketulo itawira."

"Basi? Ndimayesa ndifika masana." Anaoneka okhumudwa zenizeni.

"Amayi, musaseke. Lachinayi ndikaima pamaso pa komiti. Ndikanena kuti ndi weniweni, ndagulitsa dzina langa, ndipo tsiku lina wina adzatsegula monga ndatsegulira ine. Ndikanena zoona, mwana wanu agwa chagada pamaso pa tauni yonse. Ndiuzeni, mnyamata wa pachithunziyu jekete lofiirali analitenga kuti?"

"Makatani a holo ya tchalitchi. Kunali sewero la mbiri ya tauni chaka chimenecho. Anasankhidwa kukhala msilikali chifukwa anali wamtali, ndipo pa mawu ake onse anakumbukira awiri okha."

"Anali ndani?"

Anamwa tiyi. "Bambo anga anali mkulu wa mpingo. Anati mwana wawo sangapite kwa munthu ngati ameneyo. Ndinakwatiwa ndi Cyril mothamanga, ndipo Neville anabadwa mothamanganso."

"Bambo Cyril ankadziwa?"

"Mwana iwe, Cyril anali kalaliki. Kuwerenga miyezi kukanamuvuta? Anapeza kachithunziko m'dirowa yanga mwana akukwawa. Ndinati lero ndathamangitsidwa. Iye anakayang'ana, anayang'ana mwana, n'kunena kuti, 'Chibwano ichi chidzatiyankhulitsa anthu, Beryl. Tiyenera kuchipezera mwini wake.' Loweruka lake anakwera basi kukagula felemu yakale. Dzina loti Josiah analitenga pa mwala wa kumanda. Za Afalansa anawonjezera yekha, ankazikonda kuposa ine."

Ndinayesetsa kuti ndisaseke, koma zinakanika. Tinaseka awiri mpaka misozi, ndipo ya mayi Beryl inapitirira kuseka kutatha.

"Anali munthu wabwino," anatero. "Anandilola kuvala mwamuna wina pakhosi moyo wake wonse, n'kumamutcha agogo ake."

"Dzina, Amayi."

"Dzina silituluka pakamwa panga. Ndalitsekera nthawi yaitali, chitseko chinachita dzimbiri. Khutu waliona?"

"Ndaliona."

"Chipsera munthu sabadwa nacho. Iwe si uja umadziwa kuyang'ana? Kayang'ane."

5

Masiku awiri ndinayenda m'tauni ngati wamisala, ndikusuzumira makutu a nkhalamba. Pa basi, ku positi, pa mzere wogula buledi. Mkulu wina mpaka anandifunsa ngati ndikum'funa ukwati.

Lachitatu ndinali kuyanika zovala pamene kuseri kwa mpanda kunamveka kutsokomola. A Garbutt anali kudulira nthambi zija, mbali yawo yokha, kusiya zolowa kwathu kuti mkangano usathe. Dzuwa linali likuswa mtengo, koma chipewa chaubweya chili pamutu, chokokedwa mpaka m'makutu. Ndinazindikira kuti chikhalireni nawo pafupi sindinaonepo makutu awo. Ngakhale chibwano.

Pa moyo wanga sindinama kawirikawiri. Tsiku limenelo ndinanama mokuwa.

"Bambo Garbutt! Mavu pachipewa! Awiri!"

Chipewa chinauluka mpaka pa kabichi. Mutu unali dazi lokhalokha, ndipo mbali zonse ziwiri kunatambalala zogwirira za poto. Lakumanzere linali lobuduka pamwamba.

Tinayang'anana. Anatola chipewa, n'kuchikung'untha, koma sanachivale.

"Mavu aja apita?" anafunsa.

"Apita, a Kaputeni."

Anakhala pa ndowa yovundikira. "Inali mbedza ya mchimwene wanga, tili ana. Ndinamuuza Beryl kuti asapente chimenecho. Iye anati akasiya ndiye kuti si ine."

"Ndevuzi?"

"Ndinayamba kusunga chaka chimene mnyamatayo analowa sukulu. Mayi wina pa sitolo anayang'ana ine, anayang'ana iye, n'kuiwala chenji. Cyril anabwera madzulo ake kudzagula nsomba, n'kundiuza mwaulemu kuti ndevu zingandikhale bwino. Zimayabwa, amake Tilly. Simungamvetse mmene zimayabwira."

"Nanga kukangana naye tsiku ndi tsiku?"

"Mukuganiza kuti bwana ngati uja angaime kucheza ndi wogulitsa nsomba? Koma ukamunamizira kuti sanabweze fosholo amabwera yekha, n'kukuyang'ana m'maso kwa nthawi ndithu." Anaseka, kenako anayang'ana pansi. "Fosholo ija anabwezadi. Ili pansi pa bedi langa."

6

Lachinayi holo inadzaza. Neville anavala tayi yatsopano. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Ndinali nditayesa kumuchenjeza m'mawa, koma anandigwira pakamwa nati ndisamuwonongere chisangalalo, akamvera limodzi ndi anthu.

Ndinaimirira.

"Felemu ndi yakale, galasi ndi lakale. Chithunzi si chakale. Chinapentedwa pa kiyi ya piyano, ndipo sichiposa msinkhu wa anthu ambiri amene muli muno. Musagule."

Mayi wina wa komiti anafunsa kuti, "Ndiye banjali linapusitsidwa ndi wakuba uti?"

Ndodo inagogoda pansi. "Wakubayo ndine," anatero mayi Beryl. "Ndinapenta ndili mtsikana. Kaputeni Josiah sanakhaleko, anam'peka ndi mwamuna wanga, ndipo ngati mukufuna kum'zenga mlandu mukudziwa komwe anagona. Glenys, bweretsa kuno kanthu kanga, pakhosi pakuzizira."

Ena anaseka, ena anawomba m'manja osadziwa chifukwa chake. Neville anapinda pepala la zolankhula zake bwinobwino, n'kutuluka. Kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko, munthu wa chipewa chaubweya anam'patsa njira, dzanja lili m'mwamba ngati akufuna kum'gwira paphewa, koma analibweza m'thumba.

Sabata yonse Neville anagona kuchipinda cha Tilly. Anatula pansi upampando. Sanakangane ndi aliyense, ngakhale mphaka wa a Garbutt atakumba maluwa ake, ndipo apo m'pamene ndinachita mantha. Tsiku lina m'mawa ndinam'peza kubafa, thovu lometera lili kumaso, akudziyang'ana pagalasi.

"Sindikukwiyira iwe, Glenys," anatero. "Unanena zoona, ndi ntchito yako. Koma tandiuza. Ngati Kaputeni kulibe, amayi ankayang'ana ndani popenta? Chibwano ichi ndinachitenga kuti?"

Funso la Tilly lija linali litakula, tsopano likutuluka m'kamwa mwa bambo ake.

"Unawafunsa amayi?"

"Akuti akumva mutu."

Ndinam'patsa thaulo. Ine, Glenys wosabisa mawu, ndinam'patsa thaulo n'kupita kukaphika phala.

7

Owerenga anzanga, mwina mukuti ndikanangokhala chete pa komiti paja, banja likanakhala pamtendere. Ndinaziganizira, monga ndimaganizira chilichonse, nthawi yaitali kuposa yofunika. Pa ntchito yanga ndaona anthu ambiri akulira atauzidwa kuti kanthu kawo si kakale. Amaiwala kufunsa funso lachiwiri: ngati si kamene ndimayesa, nanga n'chiyani? Kachithunzi kaja nyumba ya zakale sikanapindula nako. Koma mtsikana wina anasenda piyano ya bambo ake kuti akapente, kalaliki wina anakagulira felemu kuti mwana asalozedwe chala, ndipo munthu wina wayabwidwa ndi ndevu moyo wake wonse chifukwa cha iko. Mwa tonse timene ndayezapo, sindinagwirepo kodula chotero. Mukafuna kugula kanu, yang'anani felemu, tsitsi, zovala ndi kumbuyo. Nkhope muziyisiyira pomaliza, koma musaiwale kuiyang'ana.

Chatsala n'chakuti mwamuna wanga akuyenda ngati mwana wamasiye, bambo ake ali kuseri kwa mpanda. Mayi Beryl akuti mawu sangawathe, koma akuti akhoza kukhala patebulo. Dzulo madzulo ndinagogoda pa mpanda ndi chogwirira cha tsache.

"Bambo Garbutt, Lamlungu mudzadya kwathu. Amayi adzakhalapo, Tilly akubweranso."

"Bwana wavomera?"

"Ndamuuza kuti mukubwera kudzapepesa za fosholo."

"Ha! Ndiye ndidzanene chiyani?"

"Palibe. Pa sewero lija munakumbukira mawu awiri okha, sindingakudalireni. Mudzangobwera opanda chipewa. Ndi opanda ndevu."

Anagwira ndevu zawo ndi manja onse awiri, ngati mwana amene akufuna kulandidwa chidole.

"Akandithamangitsa?"

"Mupita kutali bwanji? Mumakhala apa."

Anaseka mpaka kutsokomola, kenako anatambasula dzanja lawo lokhakhala pamwamba pa mpanda.

"Chabwino, aneba. Loweruka ndipita kwa ometa, ndalonjeza. Koma inunso mulonjeze chimodzi."

"Nenani."

"Mudzandikhazike moyang'anana naye. Ndipo mpeni wodulira nyama mudzagwire ndinu, osati bwana."

Ndinagwira dzanja lawo. "Ndalonjeza. Fosholo musaiwale."